Yunifolomu Yanu Yavalidwa, Amayi

Amayi anga, kumeneko muli bwanji kodi?

Ndikudziwa kuti muli bwino, poti kumene muliko kulibe msana wowawa, kulibenso belu la kushedi ya fodya lodzutsa anthu kusanache. Komabe mwana salowa m'nyumba ya make osapereka moni. Ndine Edina, mwana wanu woyamba, uja munkati pakamwa pake panabadwa popanda chitseko. Sindinasinthe, Amayi, musayembekezere zodabwitsa mbali imeneyo. Kuno ku pulazi yathu ya ku Macheke tonse tadzuka bwino. Ndili ndi nkhani yaikulu imene ikundiyabwa pakhosi kuyambira Lamulungu lapitali, koma ndiyamba ndi zing'onozing'ono, chifukwa munatiphunzitsa kuti mlendo umayamba wamupatsa madzi, nkhani pambuyo.

Chisomo, mdzukulu wanu uja munamusiya akali pasukulu, wabereka mwana wamkazi ku Marondera, ndipo tamutcha dzina lanu, Enelesi. Makutu ndi anu enieni, aja ankakana kulowa m'duku, koma mawu ndi anga, chifukwa akalira komboni yonse imadziwa. Bambo wa mwanayo ndi Mshona wofatsa, woyendetsa thirakitala pa pulazi yoyandikana nafe. Akuyesetsa Chichewa kuti atisangalatse, ngakhale nthawi zina amandifunsa kuti ndadzuka bwanji dzuwa likulowa. Timangomuyankha, tisamugwetse ulesi.

Kamunda kanu ka kuseri kwa damu katimvera chaka chino. Chimanga chinacha bwino, maungu ndiye osanena, mpaka ena ndinagawira anthu amene sindigwirizana nawo n'komwe. Nkhuku zokha ndi zimene zinatha ndi chitopa, kunangotsala thadzi lokalamba lopanda mchira, limene imfa ikuoneka kuti ikuliopa. Denga la kuchipinda kwanu likudontha, ndipo bambo a Chisomo akuti akonza mawa. Mawa lomwe lija, Amayi, limene munalisiya lisanafike. Fodya tikusankhabe kushedi, koma maso anga ayamba kutopa, moti tsamba lofiirira ndi lakuda ndimachita kuyandikira nalo pakhomo kuti ndilione bwino. Atsibweni a Lufeyo, mlongo wanu, akadali ndi anzawo a gule, aja anzathu kuno amati zvigure. Akuti ndikupatseni moni. Amati, "Mlongo wanga uja ankandipempherera ngati ndine mfiti, koma ndiwo zake sankandimana."

Tsopano khalani bwino mumve. Amayi, yunifolomu yanu yavalidwa!

Mukukumbuka masana aja, matenda atakukulirani, munandituma kukaitana Mai Mbewe, wapampando wa amayi a Lachinayi a mpingo wathu. Ine ndinkayesa mukufuna pemphero. Atakhala pansi m'mphepete mwa mphasa, inu munaloza bokosi lanu lachitsulo n'kunena kuti, "Ndikapita musandiveke yunifolomu yanga. Kumene ndikupita chovala choyera anakonza kale, ndipo ndi cha saizi yanga. Iyi muisungire Esitere." Mayo ine! Ndinafuna nthaka ing'ambike ndilowemo. Mayi wa Lachinayi aliyense amagona m'bokosi atavala bulauzi yake yoyera, siketi yakuda ndi duku, ndiwo ulemu wake womaliza, ndipo inu munali mutautumikira kuyambira ndili kumsana. Ndiye mukuusiya ulemuwo chifukwa cha Esitere? Mzime wanu uja, amene anathawa ndi a Mbewe foromani wa kushedi, mwamuna wa mayi yemweyo amene munali kulankhula naye, n'kuwasiya ndi ana ang'onoang'ono, wina ali m'mimba? Mai Mbewe anangodzuka, nakutumula chitenje chawo, n'kutuluka osatsanzika.

Ndinakukalipirani tsiku limenelo, munthu wodwala. Ndinati matenda akwera kumutu. Inu munangoseka kaseko kanu kaja n'kuti, "Edina, mwana akakuipitsira pantchafu, sudula ntchafu, umatunga madzi. Ngati ine wochimwa ndikudziwa zimenezi, nanga Iye amene analenga madziwo?" 

Zimene zinatsatira simunazione, ndiye ndikuuzeni. Tinakuikani m'diresi lanu lobiriwira lija. Mai Mbewe anabwera ndi amayi onse, anatsogolera nyimbo mpaka kumanda, ulemu anakupatsani wonse, koma ine sanandiyang'ane kumaso. Anthu ndiye ananong'onezana. Ena ankati mpingo wakuvulani chifukwa cha manyazi a mwana wanu. Amene anali pafupi nane ndinawatseka pakamwa, koma mphekesera ilibe khola. Pa nthawi yoona nkhope kunadutsa mkazi wina atadzifunditsa chitenje kumutu, anaima pang'ono pabokosi, kenaka anatuluka mothamanga kulowera kumabulugamu. Ndinamuzindikira mayendedwe. Anali Esitere, ndipo kuchokera tsiku limenelo anangoti zii. Ena ankati ali ku Ruwa, ena ku Mutare. A Mbewe aja tinamva kuti anamusiya nayenso n'kupita ku Joni, mpaka lero sitidziwa ngati ali moyo.

Pogawa zovala zanu, azakhali a ku Ruwa anagwira bulauzi ija n'kuti, "Chovala chabwino chotere chidyedwe ndi njenjete podikira hule?" Ndinawalanda m'manja. Ndinati mwini wake ananena, ndipo wakufa sitimutsutsa. Chaka ndi chaka mvula ikatha ndinkaitulutsa kuti ipitidwe mphepo, koma ndinkaiyanika m'nyumba, kuopa kuti panja anthu angandiseke. Inayamba kuchita chikasu m'mopinda. Kunena zoona, Amayi, ndinkaisunga chifukwa chokuopani inu, osati chifukwa choti ndinkakhulupirira kuti idzavalidwa.

Ndiye chaka chatha, mvula isanagwe, ndinapita kumsika wa ku Macheke kukagula mbewu ya nyemba. Podutsa kuseri kwa malo ena omwera mowa, paja pamaima malole, ndinaona mkazi atawerama akutsuka mbale. Wowonda, Amayi, khosi ngati la nkhuku yonyowa. Ndinafuula kuti, "Esitere!" Anagwetsa mbale n'kufuna kuthawa, koma kunalibe kolowera. Anati, "Asisi, musandiyandikire. Ine ndine munthu amene ndinavula amayi anga m'bokosi." Ndinati ukuti chiyani iwe? Anati, "Ndinaona ndi maso anga. Zaka zonse zija anatumikira mpingo, n'kuwaika ndi diresi wamba ngati munthu wakunja, chifukwa anabereka ine. Za a Mbewe ndingapemphe chikhululukiro, koma izi ndikapempha kwa yani? Ngakhale Mulungu sangazimve."

Amayi, taganizani. Zaka zonsezi mwana wanu ankayenda ndi mtolo umenewo pamutu. Si mowa umene unamuwondetsa, ngakhale ankamwa ndithu, koma diresi lobiriwira lija. Ine misozi inabwera pamodzi ndi mkwiyo, monga mwa masiku onse. Ndinati, "Chitsiru iwe! Palibe anawavula amayi. Anavula okha, pamaso pa Mai Mbewe, n'kunena kuti tikusungire iwe. Ili m'bokosi lachitsulo mpaka lero, ndatopa n'kuithamangitsira njenjete." Anandiyang'ana ngati ndalankhula chilankhulo chachilendo. Anafunsa kuti, "Ananena atamva kale zonse zimene ndinachita?" Ndinati eya, atamva zonse, ndi zina zimene sunachite. Pamenepo anangokhala pansi m'madzi otsukira mbale aja n'kulira mokweza, mpaka oyendetsa malole anatuluka kudzaona ngati kwagwa maliro.

Sanabwere nane tsiku limenelo, ndipo sindinamukoke. Paja munkati fupa lokakamiza limaswa mphika. Patapita masabata angapo, ndikupalira chimanga, ndinangoona munthu akubwera wapansi kuchokera kumsewu wa tala, atanyamula kajumbo kamodzi. Ndimo munali katundu wake yense. Sanapemphe kuona yunifolomu. Anangogwira bokosi lija pamwamba n'kukhala pambali pake mpaka madzulo.

Njira yobwerera siinali yaifupi. Mukudziwa kuti anali atadulidwa mu mpingo. Anakagwada kwa akulu a mpingo, anavomera zonse popanda kudzikometsera, ndipo anamuika pa benchi ya kumbuyo, ija ya pafupi ndi chitseko, pamene aliyense wolowa amakuona. Anakhalapo Lamulungu lililonse, mvula kaya dzuwa. Kuchipatala anapita, mankhwala akumwa mokhulupirika, ndipo masaya ayamba kubwerera. Kushedi anamulemba ntchito yomanga fodya. Panali amayi ena amene ankasuntha akakhala pafupi nawo, ena ankagwira amuna awo pamkono akamuona. Ine ndinkafuna kuwayankha, koma iye ankati, "Asiyeni, asisi, sakunama."

Chovuta chinali kwa Mai Mbewe. Tinapita awiri kukapepesa. Esitere anayenda chogwada kuchokera pa mpanda mpaka pakhonde, pamene mayiwo anali kutong'ola chimanga. Analankhula, analira, anapempha. Mai Mbewe sanasiye kutong'ola. Pomaliza anangoti, "Ndamva," n'kunyamula lichero lawo kulowa m'nyumba. Ndipo sindiwaweruza, Amayi. Mayi ameneyu anatulutsidwa m'nyumba ya foromani n'kupatsidwa kachipinda kamodzi, analima maricho m'minda ya eni, ganyu weniweni, khanda lili kumsana. Chilonda chotere sichipola ndi mawu a tsiku limodzi. Kuyambira pamenepo ankakumana kumjigo, kushedi, kutchalitchi, koma moni panalibe.

Pa Pasaka Esitere anabwezeredwa, anadya Mgonero. Kenaka analowa maphunziro a amayi a Lachinayi, ndipo Lamulungu lapitali linali tsiku loveka amene amaliza. Ndinachapa bulauzi yanu, ndinaiviika, ndinaisita ndi makala mpaka chikasu chija chinagonja. Mitima yathu inali m'malo, chifukwa oveka amakhala amayi busa ochokera ku Marondera, munthu amene nkhani zakale za pa komboni sazisunga. Koma titafika pa tchalitchi, shedi yakale ija imene kukatentha imanunkhabe fodya, tinaona abusa akutsika panjinga yamoto ali okha. Amayi busa anali atapita kumaliro a mlongo wawo. Abusa analengeza pakhomo pomwepo kuti mwambo suima, aveka ndi wapampando, Mai Mbewe.

Esitere anatembenukira kwa ine. Anandinong'oneza kuti, "Asisi, tiyeni tibwerere. Mulungu wayankha." Ndinamugwira padzanja zolimba, ndikuganiza kuti zala zanga zikuonekabe. Ndinati, "Wayankha chiyani? Sanayambe n'kulankhula komwe. Lowa."  Mai Mbewe akanangomudumpha pamaso pa anthu, ndikudziwa kuti mwana wanu akanatuluka pakhomo paja osadzabwereranso, ndipo yunifolomu yanu ikanabwerera m'bokosi mpaka kuolera momwemo.

Anagwada kutsogolo amayi atatu, aliyense atanyamula bulauzi ndi duku m'manja, Esitere kumapeto. Nyimbo inayamba. Mai Mbewe anaveka woyamba, nthungululu. Anaveka wachiwiri, nthungululu. Atafika pa Esitere anaima. Anaima ndithu, manja ali kumbuyo. Nyimbo inayamba kuchepa mphamvu, oimba akusiya mmodzimmodzi, mpaka m'tchalitchi munangoti zii, kumangomveka njiwa padenga. Azakhali a ku Ruwa anali atabwera, ati kudzaonera, ndipo ndinawaona akukoka mnzawo chitenje.

Kenaka Mai Mbewe analankhula, mokweza, kuti ndi a pa benchi ya kumbuyo omwe amve. Anati, "Esitere, tukula mutu undiyang'ane. Ine ndinapempha Mulungu kuti akulange. Ndinapempha zaka, nditavala yunifolomu yomwe ino, ndikuimbitsa nyimbo kutsogolo kuno. Tsiku limene amayi ako ananena kuti tikusungire chovalachi, ndinapita kunyumba n'kupempha kuti ufe usanachivale. Mulungu sanandimvere, koma sanandivulenso. Anandipirira ndi mtima wanga wakupha umenewo, Lamulungu lililonse n'kumandipatsa Mgonero wake. Ndiye ine ndine yani kuti ndikutsekere pakhomo pamene ndinalowera ine ndemwe? Bweretsa kuno."

Anatambasula bulauzi yanu, Amayi, n'kumuveka, dzanja ili, dzanja linalo. Inamukulira, paja inu munali ndi thupi. Pomanga batani la pakhosi, ulusi unaduka, batani linagwa n'kugubuduka kulowa pansi pa mabenchi. Azakhali sanachedwe. Anati, "Mwaona? Yakana." Anthu ena anayamba kung'ung'udza, poti mukudziwa mmene ife timaonera zizindikiro pa chilichonse. Ine ndinali nditadzuka kale kuti ndiwayankhe, koma Mai Mbewe ananditsogolera. Anatembenuka n'kuti, "Yakana chiyani? Ndi ulusi wakalamba podikira." Anazula pini pachifuwa pawo, pa bulauzi yawo yomwe, n'kumumanga nayo Esitere pakhosi. Anamumanga duku, analikonza bwino m'makutu, anamugwira manja onse awiri n'kumuimiritsa. Ndipo nthungululu yoyamba anaimba ndi iwo.

Ha! Amayi, mukanaona! Kapena munaona, sindidziwa mmene mawindo a kumeneko alili. Tchalitchi chinagwedezeka. Amayi anasiya mabenchi n'kumuzungulira, aja ankasuntha aja ndi amene anali patsogolo kumukumbatira. Tinaimba nyimbo yanu ija munkaikonda pochapa, tinaibwereza mpaka mawu anasasa. Ine ndinavina, ndi msana wangawu, nsapato imodzi sindikudziwa inavukira pati. Abusa analira osabisa. Atapeza mawu anangonena mwachidule kuti Yesu sadikira kuti munthu ayambe wasamba kenaka n'kumukonda, amabwera ndi madzi ake. Ndinati mumtima, abusa, amayi anga ananena kale zimenezo ali pamphasa. Pawindo panali atsibweni a Lufeyo, munthu woti m'tchalitchi salowa. Anali atavula chipewa, misozi ili mbwembwembwe, mapazi akuponda pang'onopang'ono mwa gule wawo uja. Potuluka anandiuza kuti, "Mulungu wa mlongo wanga uja ndi wamakani ngati mwini wake." Ngakhale azakhali ndinawaona akupukuta m'maso, ati ndi fumbi la fodya.

Mwapambana, Amayi. Ndikunena mosabisa, ndine wokondwa kuposa tsiku la ukwati wanga. Tonse tinkati mwataya ulemu wanu pachabe, koma inu munkamudziwa Mulungu wanu kuposa ife. Satopa, sanyansidwa, ndipo amene ife tamuwerengera kuti watha, Iye amakhala akumusitira chovala. Anakonda Esitere ali kuseri kwa malo a mowa, anakonda Mai Mbewe ali ndi pemphero loipa m'kamwa, ndipo nanenso ndi pakamwa pangapa sananditaye.

Batani lija ndinalipeza posesa. Ndinati ndilisokerere, koma Esitere wakana, akuti pamalo pamenepo pazikhala pini. M'mawa mwake anapita kukafunsa ngati eni ake akuifuna. Mai Mbewe anamuuza kuti, "Sunga. Koma Lachinayi udzandidzere, tizipitira limodzi." Ndiye dzulo ndinawaona ndi maso angawa akudutsa pamjigo, awiriwiri, atavala zoyera, akupita kukaona odwala. Kumbuyo kwake Esitere ndinu ndithu, mpaka ndinatsala pang'ono kuitana kuti Amayi.

Bokosi lanu lachitsulo lili pululu tsopano, koma silikhala choncho mpaka kale. Esitere akuti kuseri kwa malo a mowa kuja anasiyako mtsikana wina amene ankatsuka naye mbale, wamasiye, wopanda aliyense womusungira kanthu. Sabata yamawa akufuna kukamuona, ndipo ine ndimuperekeza. Dzina lake sindinalidziwe, saizi yake sindikuidziwa, ndipo kaya adzamva liti. Koma ndaitana kale Chisomo ndi Mai Mbewe, ndawakhazika pamphasa, ndawauza ndili bwinobwino kuti pasadzakhale wonena kuti matenda akwera kumutu.

Ndiye lonjezo langa ndi ili, Amayi. Tsiku langa likadzafika, mudzandichingamire pachipata, ndipo musadzadabwe mukadzaona ndikubwera ndi diresi wamba. Yunifolomu yanga nayonso idzatsala m'bokosi, kudikira mtsikana uja.

Abambo muwapatse moni, muwauze kuti mzime wawo wabwera kunyumba.

Ndine mwana wanu wokukondani, wa pakamwa popanda chitseko,

Edina